Nyenyezi yothamanga ija ndi nyumba ya anthu

Dzuwa likangolowa pa Kabwazi m'boma la Dedza, nthawi imene amalonda akulongedza katundu ndipo amayi atereka poto wa nsima, masiku ena kumwamba kumatulukira kanthu kowala ngati nthanda. Sikathwanima ngati nyali za ndege, sikachita phokoso, ndiponso sikasiya utsi m'mbuyo. Kamangoyenda mwakachetechete kuchokera chakumadzulo kulowera chakum'mawa, ndipo pakatha mphindi zinayi kapena zisanu kamazima ngati wina wauzira koloboyi.

Ana amakuwa kuti aona nyenyezi yothamanga. Akuluakulu ena amati ndi ndege chabe. Ena amangogwira pakamwa n'kulowa m'nyumba msanga, poganiza kuti ndi aja amati amauluka pa lichero.

Zoona zake n'zakuti kanthuko si nyenyezi, komanso si kakang'ono monga kamaonekera. Ndi nyumba yaikulu ngati bwalo la mpira, ndipo m'kati mwake muli anthu amene pa nthawi imeneyo amakhala akumalizitsa ntchito za tsikulo. Dzina lake ndi International Space Station, mwachidule ISS. M'Chichewa tingangoti siteshoni ya mumlengalenga.

Kuona chinthu n'kosavuta, makamaka kumudzi kumene magetsi saphimba nyenyezi. Chovuta ndi kupeza wokufotokozera chimene waonacho. Apa ndi pamene buku limalowerapo, ndipo lero tikutchulirani mabuku amene mwana, wachinyamata ngakhale kholo angawerenge kuti adziwe za nyumba yodabwitsayi.

Nyumba yake njotani?

Chigawo choyamba cha ISS, chotchedwa Zarya, chidaulutsidwa pa 20 Novembala 1998 kuchokera ku Kazakhstan. Zigawo zina zidatumizidwa chimodzichimodzi n'kumakalumikizidwa konko, monga momwe munthu amawonjezera zipinda pa nyumba akagulitsa mbewu. Anthu oyamba adalowamo pa 2 Novembala 2000, ndipo kuchokera tsiku limenelo simudakhalepo mopanda munthu. Mu Novembala 2025 nyumbayi idakwanitsa zaka 25 muli anthu usana ndi usiku.

Eni ake ndi mabungwe oona za mumlengalenga a ku America, Russia, Japan, Canada ndi maiko a ku Ulaya. Nthawi zambiri mumakhala anthu asanu ndi awiri, amene amasinthana pakatha miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Ntchito yawo ndi kafukufuku: momwe thupi la munthu, mbewu, moto, madzi ndi mankhwala zimachitira kumalo kumene chinthu chilichonse chimangoyandama.

Siteshoniyi ndi yotalika mamita 109 ndipo imalemera matani oposa 400. Imauluka pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, mtunda umene sukufika n'komwe pa ulendo wa basi wochoka pa Dedza kukafika ku Mzuzu. Koma liwiro lake ndi losasimbika: makilomita pafupifupi 28,000 pa ola. Ulendo wa makilomita 85 wochoka pa Dedza kukafika ku Lilongwe, iyo imautha m'masekondi 11. Imazungulira dziko lonse m'mphindi pafupifupi 90, choncho okhalamo amaona dzuwa likutuluka ka 16 pa tsiku limodzi.

Nanga bwanji siigwa? Mukaponya mwala pang'ono, umagwera pafupi. Mukauponya ndi legeni, umagwera patali. Siteshoniyi idaponyedwa mwamphamvu kwambiri moti pamene ikugwa, dziko, pokhala lobulungira, limakhala likupindika pansi pake. Ndiye imangogwabe osafika pansi. Anthu a m'katimo amagwera limodzi ndi nyumba yawoyo, n'chifukwa chake amayandama. Ilibenso nyali zoti n'kuwala mpaka kuno. Chimene timaona ndi kuwala kwa dzuwa kumene kumaiomba pamene ife pansi pano kwada kale, ndipo ikalowa mu mthunzi wa dziko imaoneka ngati yazima.

Buku lipindulanji?

Wina angafunse kuti banja limene likulingalira za feteleza ndi fizi, za mumlengalenga zilipindulira chiyani. Yankho loyamba lili ku Kasungu. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala adasiya sukulu ya sekondale kaamba kosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. M'kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe adapezamo buku lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake padali zithunzi za makina oyendera mphepo. Chingerezi chimamuvuta, koma adatsatira zithunzi mpaka adapanga makina ake opangira magetsi ali ndi zaka 14. Nkhani yake idatuluka m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind mu 2009, ndipo lero imadziwika dziko lonse lapansi.

Yankho lachiwiri ndi lomvetsa chisoni. Zochitika kumwamba zikasowa wozifotokoza, kawirikawiri mlandu umagwera nkhalamba. Mu Januwale 2016, agogo anayi adaphedwa ku Neno anthu atawaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe nkhani zozunza okalamba sizikutha. Masiku ano kumwamba kukudutsa zinthu zambiri kuposa kale. Kuyambira 2019 kampani ya SpaceX yakhala ikuulutsa masetilaiti a Starlink, amene akangoulutsidwa kumene amaoneka atandandalikana ngati mikanda. Mwana mmodzi wodziwa kunena kuti ichi ndi chakuti, ndipo chidutsanso nthawi yakuti, akhoza kukhazika mtima pansi mudzi wonse.

Mabuku a ana aang'ono

M'mera mpoyamba. Kwa ana a zaka zisanu mpaka 10, buku labwino ndi la zithunzi zambiri, mawu ochepa.

Loyamba ndi The International Space Station, lolembedwa ndi Franklyn Branley, zithunzi zake adajambula ndi True Kelley. Lidatuluka mu 2000, siteshoniyi ikumangidwa kumene, choncho zina limazikamba ngati za mtsogolo pamene zidachitika kale. Komabe Chingerezi chake ndi chophweka, ndipo limaonetsa bwino momwe zigawo za nyumbayi zimalumikizidwira, mmene masola ake amaperekera magetsi, komanso mmene anthu amakhalira m'katimo.

Lachiwiri ndi Max Goes to the Space Station la Jeffrey Bennett. Ndi nthano ya galu wotchedwa Max amene adapita ku siteshoniyi. Ubwino wake ndi wakuti m'mbali mwa masamba muli timabokosi tofotokoza sayansi yeniyeni, choncho wamng'ono amamvera nthano pamene mkulu wake akuwerenga za m'bokosi. Bukuli lidafikadi ku ISS, ndipo mu 2014 katswiri wina wa ku America, Mike Hopkins, adajambulidwa kanema akuliwerenga ali konko. Iyi ndi ntchito ya Story Time From Space, momwe oyenda mumlengalenga amawerengera ana mabuku akuyandama. Makanema ake ali pa intaneti ndipo ndi aulere.

Kwathu kuno mbewa ndi ndiwo, koma m'buku la Mousetronaut la Mark Kelly, limene lidatuluka mu 2012, mbewa ndi ngwazi. Kelly adati pa ulendo wake woyamba wopita ku ISS mu 2001, m'chombo chawo mudali mbewa 18 zochitira kafukufuku. Zonse zidakakamira ku waya wa khola lawo, kupatula kamodzi kakang'ono kamene kamaoneka kuti kakusangalala ndi kuyandamako. Pamenepo ndi pamene adatengera nthano ya kambewa kotchedwa Meteor, kamene kadapulumutsa ulendo chifukwa cha kuchepa kwake komweko. Mwana amene anzake amamuderera pa msinkhu alikonda bukuli.

Ngati muli ndi mwana woopa mdima, amene safuna kutuluka panja usiku, mufunireni The Darkest Dark la Chris Hadfield wa ku Canada, la mu 2016. Hadfield akusimba za ubwana wake: mnyamata woopa mdima amene mu 1969 adakaonera pa wailesi ya kanema ya kwa aneba anthu akutera pa mwezi, n'kuzindikira kuti kumene amalakalaka kupitako ndiye kuli mdima wandiweyani, ndipo ndi wokongola. Mnyamatayo adakulira pa munda wa chimanga, ndipo mu 2013 adakhala mtsogoleri wa ISS.

Kwa a m'makalasi apamwamba ndi a kusekondale

Ana a msinkhu uwu safuna kunyengereredwa. Amafuna mayankho, ndipo funso lawo loyamba limadziwika kale: nanga kuchimbudzi amapita bwanji?

Safunsa adadya phula. Buku la Ask an Astronaut la Tim Peake wa ku Britain, la mu 2017, lonse lidamangidwa pa mafunso amene anthu, kuphatikizapo ana, adamufunsa atabwerako ku ISS, kumene adakhalako masiku 186 kuyambira Disembala 2015 mpaka Juni 2016. Funso lililonse lili ndi yankho lalifupi, choncho simufunika kuyamba tsamba loyamba. Mphunzitsi akhoza kutengapo funso limodzi patsiku.

Mabuku a mtundu uwu amaphunzitsa zinthu zoseketsa koma zoona. Chimbudzi cha kumeneko chimakoka ndi mpweya, popeza palibe chimene chimagwa pansi. Mkodzo ndi thukuta satayako: makina amazisefa n'kukhalanso madzi akumwa, ndipo mu 2023 bungwe la NASA lidalengeza kuti makinawo afika pobweza madzi 98 pa 100 alionse. Mchere amathira wamadzi, chifukwa wa ufa ungamwazike n'kulowa m'maso ndi m'makina. Buledi wonyenyeka saloledwa, m'malo mwake amadya wopyapyala ngati chapati. Pogona amalowa m'thumba lomangirira kukhoma. Tsiku lililonse amachita masewera olimbitsa thupi maola awiri, apo ayi mafupa ndi minofu zimafooka. Peake mwini wake adathamanga mpikisano wa London Marathon mu Epulo 2016 ali konko, atamangiriridwa pa makina othamangirapo.

Peake ali ndi buku linanso la zithunzi, Hello, is this planet Earth? la mu 2016. Mutu wake udachokera pa tsiku lina pamene amafuna kuimba foni kunyumba kwake, koma adalakwitsa nambala n'kudzidzimutsa mayi wina wosamudziwa. Ili ndi buku limene agogo osadziwa Chingerezi akhoza kuligwira madzulo onse: mitsinje, zipululu, mapiri ndi mizinda ya usiku monga zimaonekera kuchokera kumwamba.

Koma ngati banja la pa Kabwazi lingakwanitse buku limodzi lokha, likhale Reaching for the Stars la José Hernández, la mu 2012. Makolo ake adali ochokera ku Mexico, ndipo amakhalira maganyu m'minda ya eni ku California, kusamuka malo ndi malo potsata zokolola monga amachitira matenanti a fodya kwathu kuno. José amathyola nawo nkhaka ndi zipatso, ndipo Chingerezi adachidziwa bwino ali ndi zaka 12. Mphunzitsi wake wina adachita kupita kunyumba kwawo kukalangiza makolo kuti ana sangaphunzire akamangosamukasamuka, ndipo makolowo adamva.

Mu 1972, ali ndi zaka 10, adaonera pa kanema ulendo womaliza wa anthu pa mwezi, n'kuuza bambo ake kuti naye akufuna ntchito imeneyo. Bambowo, amene sukulu adalekezera kumayambiriro a pulaimale, sadamuseke. Adamukhazika pansi n'kumuuza kuti adziwe chimene akufuna, aone kutalika kwa pamene ali, alembe njira yokafikira, alimbikire sukulu, ndipo agwire mabuku ndi mphamvu zomwe amagwirira ntchito kumunda. NASA idamukana ka 11. Kachi 12, mu 2004, idamutenga, ndipo mu 2009 adakafika ku ISS pa chombo cha Discovery. Palinso buku la ana la nkhani yomweyi, The Boy Who Touched the Stars, komanso filimu ya mu 2023 yotchedwa A Million Miles Away. Wophunzira amene mayeso a MSCE sadamuyendere bwino kamodzi n'kuganiza zosiyiratu, awerenge kaye bukuli.

Anyamata okonda mpira awapezere Chasing Space la Leland Melvin, la mu 2017, limene lilinso ndi mtundu wofupikitsidwa wa achinyamata. Melvin ndi Mmereka wakuda amene timu yaikulu ya Detroit Lions idamusankha, koma adavulala mwendo asadapite patali. Sukulu ya sayansi ndiyo idamuwombola. Atalowa NASA adagonthanso makutu pa maphunziro a pansi pa madzi, komabe adachira mokwanira mpaka kupita ku ISS kawiri, mu 2008 ndi 2009.

Mabuku a akuluakulu

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mabuku a akulu ndiwo amaulula kuti moyo wa kumwambako si woyandama ndi kumwetulira kokha.

Endurance la Scott Kelly, la mu 2017, likusimba za masiku 340 amene iye ndi mnzake wa ku Russia, Mikhail Kornienko, adakhala ku ISS kuyambira Malichi 2015 mpaka Malichi 2016. Scott ndi mapasa ndi Mark Kelly wa buku la mbewa lija, ndipo madokotala amayerekeza thupi la amene adali kumwamba ndi la amene adatsala pansi. Scott sabisa kanthu: kudwala mutu mpweya woipa ukachuluka, kukonza chimbudzi chikawonongeka, kusowa kamphepo ndi mvula, komanso miyendo yotupa ndi khungu loyabwa atabwerera kwawo. Ndi pa ulendo womwewu, mu Ogasiti 2015, pamene iye ndi anzake awiri adadya letesi wolimidwa konko.

Chochititsa chidwi n'chakuti Scott akuvomera kuti kusukulu adali wosakhoza. Zinthu zidasintha ali ndi zaka 18, atangogula buku la Tom Wolfe lotchedwa The Right Stuff, lokamba za oyendetsa ndege ndi zombo oyambirira. Monga Kamkwamba, iyenso adadzutsidwa ndi buku limodzi.

An Astronaut's Guide to Life on Earth la Chris Hadfield, la mu 2013, ndi loyenera aphunzitsi, anamwino, madalaivala ndi aliyense amene ntchito yake ikalakwika anthu amavulala. Phunziro lake lalikulu ndi kukonzekereratu zovuta zisadafike ndi kusaderera tinthu tating'ono. Mu 2001, akugwira ntchito kunja kwa siteshoni, mankhwala opukutira galasi la chisoti chake adamulowa m'diso. Kumeneko misozi siigwa, imangounjikana, choncho idawolokera ku diso linalo mpaka adasiya kuona kwa kanthawi. Sadachite phuma. Adatsatira zimene adaphunzira, maso adayera, ndipo adamaliza ntchito.

Atsikana ndi amayi asaganize kuti iyi ndi nkhani ya abambo okha. Samantha Cristoforetti wa ku Italy, amene adali woyendetsa ndege za nkhondo, adasankhidwa mu 2009 pakati pa anthu oposa 8,000. Adakhala ku ISS masiku 199 mu 2014 ndi 2015, ndipo atapitanso mu 2022 adakhala mtsogoleri wa siteshoniyi. Buku lake, Diary of an Apprentice Astronaut, lidatuluka m'Chingerezi mu 2020. Mbali yaikulu ikukamba za zaka zamaphunziro asadanyamuke, zomwe zikuonetsa kuti ulendo wa miyezi ingapo umaphikidwa zaka zambiri.

Wofuna mbiri awerenge Dragonfly la Bryan Burrough, la mu 1998. ISS isadabwere kudali masiteshoni ena: Salyut 1 ya Soviet Union mu 1971, Skylab ya America mu 1973, ndi Mir, imene idakhala kumwamba kuyambira 1986 mpaka 2001. Burrough akulemba za chaka cha 1997, pamene mu Mir mudabuka moto mu Febuluwale, kenaka mu Juni chombo chonyamula katundu chidaomba chipinda china mpweya n'kuyamba kutuluka. Aku Russia ndi aku America, amene kwa zaka zambiri adali pa chidani, adayenera kugwirana manja kuti apulumuke, ngakhale kukokana sikudathe.

Lomaliza ndi nthano yopeka, Orbital ya Samantha Harvey wa ku England. Lidatuluka mu 2023 ndipo mu 2024 lidapata mphotho yotchuka ya Booker. Ndi buku lopyapyala, lokamba za tsiku limodzi lokha la anthu asanu ndi mmodzi pamene akuzungulira dziko ka 16. Mmodzi mwa iwo, mayi wa ku Japan, walandira uthenga woti mayi ake amwalira. Dziko la kwawo akuliona pawindo, koma sangapite kumaliro. Banja lililonse limene lili ndi mwana ku Joni, amene adamvera pa foni za maliro a kholo lake n'kulephera kubwera kudzaponya dothi, lidzaimva nkhaniyi mumtima. Chingerezi chake ndi chozama, choncho musachiwerenge mothamanga.

Nanga ife a mu Africa?

Munthu woyamba wa mu Africa kufika ku ISS adali Mark Shuttleworth wa ku South Africa, mu Epulo 2002. Adadzilipirira yekha ndalama pafupifupi madola 20 miliyoni, ndipo ali konko adayankhula ndi Nelson Mandela. Kuchokera nthawi imeneyo siteshoniyi yathandiza maiko osalemera kuulutsa timasetilaiti tawo: Ghana mu 2017, Kenya mu 2018, ndipo Zimbabwe ndi Uganda mu 2022. Timasetilaitito tidapangidwa ndi ophunzira ndi mainjiniya a maiko omwewo, ena mothandizidwa ndi aku Japan ndi aku Italy, n'kukatulutsidwira pa khomo la ISS.

Anzathu a ku Zambia adalota kale. Mu 1964 mphunzitsi wina, Edward Mukuka Nkoloso, amaphunzitsa achinyamata pafupi ndi Lusaka powagubuduza m'migolo kuti azolowere ulendo wa ku mwezi. Dziko lidamuseka, koma mlembi wa ku Zambia, Namwali Serpell, adamuika m'buku lake la The Old Drift la mu 2019, limene lidapata mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2020. Clarke mwini wake adalembera achinyamata nthano ya mnyamata wokacheza ku siteshoni ya mumlengalenga, Islands in the Sky, mu 1952, kusadaulutsidwe ngakhale setilaiti imodzi. Buku lidatsogola, chombo chidabwera pambuyo.

Tiwapeza bwanji?

Apa ndiye pagona nkhani. Mabuku onse tatchulawa ndi a m'Chingerezi, simungawapeze pa msika wa Kabwazi, ndipo mtengo wa buku latsopano si wamasewera. Koma njira zilipo.

Choyamba, abale amene ali ku Johannesburg kapena Cape Town akamafunsa kuti abweretse chiyani pa Khirisimasi, pa mndandanda wa bulangete ndi foni onjezanipo dzina la buku limodzi. M'mizinda imeneyo muli masitolo a mabuku akale otsika mtengo. Mukapita ku Lilongwe, funsani ku laibulale ya National Library Service, imene imalandiranso mabuku kuchokera ku bungwe la Book Aid International, ndipo musadutse ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu osayang'ana.

Chachiwiri, mutu umodzi susenza denga. Komiti ya sukulu, gulu la amayi a pasukulu, mpingo, mzikiti ngakhale banki m'khonde akhoza kusonkherana n'kugula mabuku atatu kapena anayi, kuwakutira pulasitiki, n'kumabwereketsa polemba m'kope. Laibulale ya Kamkwamba idali ya mashelefu ochepa chabe.

Chachitatu, NASA imapereka mabuku ena kwaulere pa intaneti, monga Reference Guide to the International Space Station, lodzaza ndi zithunzi za chigawo chilichonse. Mphunzitsi mmodzi akalikopera pa foni, akhoza kugawira anzake onse a m'zoni popanda kuwononganso bandulo.

Za chiyankhulo zisakugwetseni mphwayi. Mwana wa kusekondale awerenge ndime imodzi, kenaka afotokoze m'Chichewa pabwalo. Iye akhala akunola Chingerezi chake, ang'ono akumva nthano, ndipo agogo nawo ali ndi zawo zoti aonjezere. Iwo ndiwo amadziwa Nsangwe, Akamwiniatsatana, Mlalang'amba ndi nthanda, maina amene simungawapeze m'mabuku a kunjawa. Anthu a mapiri ano adayamba kale kusiya chidziwitso poti ena adzachione: zojambula za m'mapanga a Chongoni, zimene UNESCO idaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndi umboni. Olemba athu, aphunzitsi a sayansi ndi osindikiza mabuku ali ndi ntchito yoti mwana wa Sitandade 3 adzawerenge za siteshoniyi m'chiyankhulo chimene amalotera.

Ioneni isadatsike

Buku limakoma mukaona ndi maso chimene likunena. Pulogalamu ya pafoni ya NASA yotchedwa Spot the Station ndi yaulere, ndipo mukaiuza dera limene muli imatchula tsiku, nthawi ndi mbali imene siteshoni itulukire. Imaoneka dzuwa litangolowa kapena m'bandakucha, osati pakati pa usiku, ndipo si tsiku lililonse: imabwera masiku angapo motsatizana kenaka n'kusowa kwa kanthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndiyo yabwino ku Dedza, mitambo ya mvula itapita ndipo utsi wa lupsa usadachuluke. Ingovalani juzi, chisanu cha kuno sichinyengerera.

Musachedwe nazo. Siteshoniyi yakalamba, ndipo dongosolo la NASA ndi loti igwire ntchito mpaka 2030, kenaka aitsitsire m'nyanja ya Pacific kutali ndi anthu, monga adachitira ndi Mir mu Malichi 2001. Mu Juni 2024 NASA idapatsa SpaceX ntchito yopanga chombo chodzaikankhira pansi. Ikadzapita, kumwamba sikudzakhala kopanda anthu: dziko la China lili ndi siteshoni yake, Tiangong, imene idayamba kumangidwa mu 2021 n'kumalizidwa mu 2022. Mumakhala anthu atatu, ndipo nayo imadutsa pamwamba pa Malawi, ngakhale siwala kwambiri ngati ISS.

Masiteshoni amene adzabwere pambuyo pake adzafuna mainjiniya, madokotala, akatswiri a mbewu ndi a nyengo, ambiri mwa iwo ogwira ntchito pansi pompano. Amene adzagwire ntchitozo pakali pano ali kupulaimale. Ena ali ku Houston, ena ku Beijing, ndipo palibe lamulo loletsa kuti wina akhale wa pa Kabwazi. Ntchito ya kholo ndi yochepa: kufunsa dzina la buku, kulipeza, ndi kumupatsa mwana mpata ndi nyali yoti awerengere.